Dzanja Lochokera ku Dimba

Akazi anga sankandiitana ndi mawu. Ankati mwamuna safuulidwa ngati mbuzi yolowa m'chimanga. Ndiye akakhala kumunsi ku dimba, ine ndili pakhonde, ankangokweza dzanja, chikhatho choloza pansi, n'kumapinda zala. Kukodola basi. Vuto linali lakuti ine maso amakhala ali m'buku. Tsiku lina anakodola mpaka mkono kulema, kenako anakwera mtunda mwakachetechete n'kundigenda ndi chibuma cha dothi. Chinafikira pa tsamba lenileni lomwe ndimawerenga. Mudzi wonse unaimva nkhaniyo, ndipo sunaiwale.

Sukulu ine sindinapite nayo patali. Chingerezi changa ndi chotola m'mabuku akale ogula pansi pa msika wa pa Njuli, ena opanda chikuto, ena oyambira pakati. Ndinalinso ndi dikishonale yomwe chiswe chinandithandiza kuwerenga. M'menemo ndinapeza mawu akuti beckon. Sindinawamvepo m'kamwa mwa munthu, ngakhale pa wailesi, moti katchulidwe kake ndi kanga ndekha. Bukulo linati ndiko kuitana munthu ndi dzanja, koma Angerezi amanenanso choncho za msewu, phiri, ngakhale bedi, pamene chinthucho chikukukoka mtima.

Ndinathamangira nazo ku dimba ngati ndatola chuma.

“Mayi, kwa Azungu phiri limakodola munthu.”

Anandiyang'ana, khasu lili m'manja. “Chabwino abambo. Ndikaliuza phiri la Chiradzulu lizikukodolani likafuna madzi a mpiru. Mwina ilo muziliona.”

Anamwalira chimanga chili m'mawondo.

Ine kwathu ndi ku Mauwa. Kuno ku Ndunde ndinabwera kudzakwatira, ndine mkamwini. Njerwa za nyumbayi ndinaumba ndine, mango awa ndinabzala ndine, koma dothi ndi la akazi anga ndi mbumba yawo. Mkamwini akaferedwa, maliro akazizira, abale a mkazi amakhala pansi n'kumusudzula, ndiko kumumasula, ndipo iye amanyamula zake kubwerera kwawo. Amatsala pokhapokha eni mudzi atanena okha kuti khalani. Kupempha wekha sikuchitika. Ana akanandilankhulira, koma wamkazi ali ku Joni, wamwamuna naye ndi mkamwini kwa eni ake.

Kwathuko ndikanafikira kwa yani? Amayi ndi alongo anga onse ali kumanda, munda anagawana adzukulu amene amandidziwa nkhope pa maliro pokha. Madzulo ena ndinakaima pamsewu, kuyang'ana cha ku Mauwa, kuti ndione ngati msewu ungandikodole monga linanenera buku. Ndinaima ndithu. Amene anabwera ndi wakabaza, kufunsa ngati madala akupita.

Miyezi imeneyo anthu sanandichitire choipa chilichonse. Chakudya chimabwera, mbale yovundikira bwino, n'kuikidwa pakhomo. Odi amamveka, moni amaperekedwa. Koma kuti wina anene bwerani kuno, ayi. Munthu woferedwa amamulambalala mwaulemu, ndipo ulemuwo umazizira. Ndinkatsikira ku dimba m'mawa kukathirira mpiru, popanda wondituma, osadziwa ngati ndidzaudye. Ndikamakwera mtunda pobwerera ndinkadzipeza ndikulankhula ndi keni yothirira.

Tsiku losudzula litafika, anasonkhana pansi pa mango. Kunali achimwene awo a malemu, amene ndi mwinimbumba, kunalinso akulu aakazi a malemuwo, alamu anga olongolola, ndi ena apabanja. Mbali yanga kunabwera mphwanga mmodzi, mwana wa mlongo wanga, bambo wa ana ake kale, amene pondipatsa moni anati, “Malo tikaona konko, amalume,” maso ali kumbali. Katundu ndinali nditamangiratu. Zovala zinakwana m'chikwama chimodzi, mabuku anadzaza thumba la feteleza. Chuma cha moyo wonse: mapepala oti ngakhale mbewa zinawakana.

Mkamwini sakhala pabwalo asanaitanidwe. Ndinakhala pakhonde, buku lili pamaso. Kunena zoona, tsiku limenelo sindinawerenge liwu n'limodzi lomwe. Ndinkasuzumira pamwamba pa tsamba ngati mwana wakuba shuga. Ankalankhula motsitsa. Wina analoza nyumba, wina analoza ku dimba. Mphwanga ankangokanda pansi ndi kamtengo.

Kenako ndinaona dzanja. Alamu aakazi aja analikweza, chikhatho pansi, zala zikupindika. Dzanja la m'mimba imodzi ndi la akazi anga lija, kafupikidwe ka zala komweko. Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kuli wina, koma kunali khoma.

“Inu alamu!” anafuula. “Mukudikira chibuma?”

Bwalo lonse linaseka, ndi mphwanga yemwe. Ndinapita, n'kukhala pansi kumapeto kwa mphasa.

Mwinimbumba anakonza kukhosi. “Alamu, mlongo wathu munamusunga, munamudwazika, mwamuika. Ife tilibe nanu mlandu. Lero takumasulani. Mukafuna kukwatira, kwatirani, koma mkaziyo mukakhale naye kwawo.”

“Akwatire ndani awa?” anadula alamu aakazi. “Anakwatira kale mapepala. Mng'ono wanga anali wachiwiri.”

“Taimani kaye inu,” anatero mwinimbumba, akubisa kumwetulira. “Njira ya ku Mauwa mukuidziwa, alamu. Koma ife sitinakutoperani. Nyumba ndi iyo, dimba ndi ilo. Khalani.”

Mawu onse amene ndinatola m'mabuku anabalalika. Ndinangowomba m'manja, n'kunena kuti zikomo, mutu uli pansi. Mphwanga anapuma mpweya waukulu kuposa wanga, ndipo sindimuimba mlandu.

Thumba lija ndinalimasula tsiku lomwelo. Ndikadali pakhonde lomweli, mpiru ndinaudya, ndabzala wina. Koma kuwerenga kwanga kunaonongeka. Masiku ano ndikatha mzere umodzi ndimadzutsa mutu kuyang'ana kumunsi, chinthu chimene akazi anga anachipempha zaka zonse osachipeza. Kumakhala nthochi zokha. Mphepo ikawomba, tsamba lina limapindika kunsonga, ndipo nthawi zina ndimatseka buku, n'kutenga keni, n'kutsika.