Mchere wa a Kathonje

Ndinanyamuka kwa Kalindawalo dzuwa litangotuluka, panjinga yobwereka, chola chili kumsana, ndipo m'cholamo munali bwana wanga wa ulendowo. Bwanayo anali chidole. Anachisoka ndi mkazi wanga Esinati ndi thumba la ufa, n'kuikamo thonje la m'munda mwanga momwe, maso ake mabatani a jekete yanga yakale. Ana a sukulu anachitcha Kathonje. Ndineneretu poyera kuti ine ndinkachichitira nsanje chidole chimenechi, nsanje yeniyeni yowawa pamtima.

Anali masiku a Chitaganya. Mzungu woyang'anira masukulu a mishoni ankapita ku Beira kukakwera sitima ya pamadzi, ndipo m'galimoto mwake munatsala malo a mphunzitsi mmodzi, woti akaone nyanja yamchere n'kudzafotokozera ana. Ine ndinali nditaphunzitsa za nyanjayo zaka zambiri, ndikujambula pabolodi mafunde amene sindinawaonepo. Koma anasankha mnzanga a Sakala, ati chifukwa ankadziwa kumata matayala. Ana a m'kalasi mwanga anati popeza aphunzitsi athu atsala, apite Kathonje m'malo mwawo. Anapitadi. A Sakala anamuviika m'nyanja mpaka thonje lonse kukhuta madzi, anamuyanika pamchenga, n'kumumangirira kachigoba ka nkhono m'khosi. Atabwerera, ana onse a pasukulu pathu anafola n'kumamunyambita mmodzimmodzi kuti alawe nyanja. Ine ndinakana. Ndinati munthu wandevu sanyambita zidole.

Tsono mbiri inafika ku Nyimba, ndipo sukulu ya kumeneko inapempha kuti Kathonje akacheze. A Sakala anali atagwa ndi malungo, choncho ntchito yoperekeza mlendoyo inagwera ine. Ananditsanzika ali chigonere pamphasa, akundipatsa kabuku kamene analembamo zonse zimene anaona.

“A Daka, chinthu chimodzi chabe,” anatero. “Musakamuchape. Phunzilo lonse lili mu mchelewo.”

Ndinafika pa boma la Petauke cha m'ma 8 koloko, ndinasiya njinga kwa msuweni wanga, n'kukaima podikirira basi. Mwezi wa Okutobala unali utakwiya kale. Basi inabwera 9 koloko itapitirira, denga lake litasenza matumba a nshawa, njinga ziwiri ndi khola la nkhunda. Ndinalipira mashilingi atatu. Kondakitala, munthu wamfupi wa chipewa chopindika, anaona mutu wa chidole ukusuzumira m'chola.

“Nanga awa ni a ndani?”

Ndinalakwa pomuyankha zoona. Ndinati ndi Kathonje, wachokera ku Beira. Basi isanafike n'komwe pamphambano ya msewu waukulu wopita ku Lusaka, nkhani inali itayenda mipando yonse. Amayi ena amene anali ndi dengu la mbatata anasendera kuti “a Kathonje” akhale pawindo. Mvetsetsani, a Kathonje. Ine kondakitala ankandiitana kuti “imwe a chidole”, ngati kuti ndilibe dzina kapena satifiketi.

Anthu anayamba kufunsa, ndipo sankafunsa ine. Ankayang'ana chidolecho, ine n'kumayankha ngati womasulira wa pabwalo la milandu. Kodi nyanjayo imaposa mtsinje wa Luangwa? Ndinatsegula kabuku ka a Sakala: tsidya lake silioneka. Kodi n'zoona kuti madzi amathawa? Kabuku kanati amathawa n'kusiya matope ndi mabwato pouma, kenako amabwerera okha tsiku lomwelo. Munalinso za sitima zazitali kuposa tchalitchi, za mitengo ya ngole yopendekera kumadzi, za amuna osenza matumba padoko akuimba. Zonsezi ine ndinali nditaziwerenga kale m'mabuku a Chingerezi a Sakala asanazilote. Koma pamene ndinkaziphunzitsa ine, palibe amene anandipatsapo malo a pawindo.

Titadutsa njira yokhotera ku Minga tinaima kutsitsa anthu. Ndinagula chinangwa chootcha kwa amayi a m'mphepete mwa msewu, ndipo anandiwonjezera kachidutswa kena, ati ka alendo ochokera kutali. Ndinakadya ndekha mokwiya.

Pamenepo anakwera mkulu wina wovala chijasi chausilikali pa kutentha konse kuja. Anati ndi a Lungu, anapita kunkhondo yaikulu ija, ndipo anakhala masabata m'sitima ya pamadzi. Atamva za chidole anatambasula manja onse awiri, monga mmene munthu amalandirira khanda. Ananunkhiza kaye. Kenako ananyambita pamkono pa chidolecho.

“Ni yeve,” anatero. “Ni madzi amene aja. Anzanga ena tinawasiya mmenemo.”

Ine ndikanayenera kumva chisoni, koma ndikuulula kuti chimene ndinamva n'chakuti tsopano m'basi muno muli awiri odziwa nyanja, wachikulire uyu ndi thumba la ufa, ndipo mphunzitsi wa jogalafe sali m'gulumo.

Msewu masiku amenewo unali wafumbi, wa mabampu ogwedeza mano. Dzuwa lili pamutu injini inatentha, ndipo dalaivala anaimika basi pafupi ndi kamlatho ka mtsinje wina umene unali ndi timadzi totsalira m'mathawale. Anthu anatsika kukafuna mthunzi. Ine ndinatenga Kathonje. Anali atafiira ndi fumbi, zimenezo n'zoona, ndipo ndinadziuza kuti sindingakaonetse ana a eni chinthu chauve chotere. Koma mawu a a Sakala ndinkawakumbukira bwinobwino. Ndinatsetsereka kuseri kwa bango, ndinamumiza m'madzi, ndinamufinya, ndinamumizanso. Katatu. Pofinya kachitatu mtima wanga unazizira bwino, ngati munthu wabweza mbama imene anaisunga chaka chathunthu.

Kukoma kwake kunatha ndisanakwere n'komwe kumtunda. A Lungu anandiona ndikubwera nacho chikudontha. Sanandikalipire. Anangochitenga, ananyambita pamkono pomwe paja, n'kundibwezera.

“Aya ni madzi a kwathu,” anatero, n'kukakhala mpando wina.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Nyimba palibe amene anandifunsanso kanthu. Amayi a mbatata aja anabwerera pawindo pawo.

Tinafika ku Nyimba cha m'ma 1 koloko. Ogulitsa nthochi anazungulira basi, mikoko ili pamutu, koma ine njala inali itathawa. Ana anali atauzidwa kuti alawa nyanja 3 koloko. Ndinalowa m'sitolo ina ya pamsewu n'kugula mchere wa tiki, kandalama ka mapeni atatu. Kuseri kwa sitoloyo ndinapempha chikho cha madzi, ndinasungunula mcherewo, ndinamunyowetsa Kathonje thupi lonse, n'kumugoneka pamwala wotentha. Ndinakhala pambali pake ola lathunthu ngati wodwazika matenda, ndikumutembenuza kuti aume mbali zonse.

Pasukulu anandilandira a Mwanza, mphunzitsi wamkulu, munthu waulemu wake.

“Mwafika, a Daka. Ana sanagone bwino usiku wathawu, ali kuyembekeza kuyambila mailo. Ena abwela ni azing'ono awo amene sanayambe sukulu.”

Anawo anali atakhala pansi pa mtengo wa mkuyu, atasamba, ena atadzola mafuta ngati tsiku la Sabata. Ndinawawerengera kabuku ka a Sakala, ndipo ndinawerenga bwino, chifukwa ntchito yanga ndinkaidziwa. Ndinawauza za madzi othawa ndi kubwerera, ndinayendetsa kachigoba kaja m'manja mwawo. Kenako anafola. Woyamba ananyambita, anakwinya nkhope, n'kutembenukira anzake: “Ni wamchele zoona!” Mzere wonse unasekerera. Aliyense ankanyambita n'kuchoka atatseka pakamwa, kuti kukomako kusathe msanga.

Kumapeto kwa mzere kunali kamtsikana kometa mpala. Katalawa sikanachoke.

“Aphunzitsi, imwe munalawako?”

Ndinati ayi. Ana onse anadabwa, ndipo anayamba kundichonderera, ati si bwino kuti munthu amene wawanyamulira nyanja ulendo wonsewu atsale yekha osaidziwa. A Mwanza nawo anati lawani, bambo. Ndinanyamula chidole chija pamaso pa ana onsewo n'kunyambita. Unali mchere umene ndimaudziwa, wa m'ndiwo za masiku onse.

“Ili bwanji?” kanafunsa kamtsikana kaja.

“Ili monga mwaimvela,” ndinatero.

M'mawa mwake ndinakwera basi yobwerera, Kathonje ali pansi penipeni pa chola. A Sakala ndinawauza zoona patapita zaka ziwiri, ndipo anangopukusa mutu. Ana a ku Nyimba aja sindinawauze, ndipo ena mwa iwo lero ndi agogo amene mwina amauza adzukulu awo kuti analawapo nyanja. Chimene ndinaphunzira paulendowu n'chochepa koma chimandiwawabe. Nyanja ija inabwera yokha mpaka m'nyumba mwanga, inakhala patebulo langa masabata atatu, ndipo chimene chinkafunika n'kungotulutsa lilime. Kufikira lero ku Beira sindinapiteko.