Amene Ananyamula Mtembo wa a Zakeyo

Ndikukumbukira chaka chomwe makuponi anachepa kwathu ku Chulu, mabanja awiri n'kumagawana thumba limodzi la feteleza. Komiti ya m'mudzi inatiphatikiza ndi a Nabanda, mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo. Bambo anakana kwamtuwagalu.

"Ndigawane ndi mtundu umene unapha agogo anga? Iyayi!"

Nkhaniyo tinakula nayo, yoti a Zakeyo, agogo awo a bambo, anakhapidwa ndi agogo awo a Nabanda polimbirana munda. Ine ndi kamwa langali ndinaifikitsa mpaka kusukulu. Esinati, mwana wa a Nabanda, ndinkamutcha "wa zikwanje", anzathu n'kumafa nacho chiseko. Ndinali kamtsikana ka sitandade seveni, kodziona ngati kakuteteza mtundu.

A komiti anati bambo abweretse umboni, apo ayi agawe. Thumba linangokhala pakona m'nyumba mwathu, chimanga cha a Nabanda chikuchita chikasu. Bambo ankadziwa kuti a Zakeyo anaikidwa ku mishoni, osati kumanda kwathu, ngakhale sanafunsepo chifukwa chake. Anandikweza pa njinga kuti ndikawawerengere mabuku a ku mishoniko, poti maso awo sankaonanso zilembo zing'onozing'ono.

Mlembi wa mpingo anatulutsa buku la maliro lonunkha nkhungu, chiswe chitalidya m'mbali. Nditalipeza dzinalo ndinawerenga mokweza, monyadira ngati m'kalasi: "Zakeyo. Anamenyedwa ndi abale ake mpaka kufa pomuganizira ufiti. Anakana kumuika."

Ndinalekeza pomwepo. Bambo anati, "Pitiriza."

"Mtembo anabwera nawo ndi Banda wa kutsidya kwa dambo."

Mayo ine! Pobwerera tinadutsa zigafa za fodya, anthu akutipatsa moni, koma bambo ankangopalasa. Ine kumbuyoko ndinkalakalaka njinga itapitirira osafika kwathu.

M'mawa mwake tinaolotsa thumba lija. Bambo anavula chipewa, n'kuyamba kufotokoza mojejema. A Nabanda sanawadikire kuti amalize.

"Tinkadziwa, bambo. Agogo anatiletsa kunena. Ankati ana a Zakeyo asakule akuopa abale awo."

Esinati ndiye anagwira pakamwa pa thumba lawo, ine ndikuthiramo ndi beseni. Feteleza wina ankanditayikira pansi, iye n'kumatola. Ndinachita manyazi oti sindinawachitenso moyo wanga wonse. Tinali titachedwa kale, ndipo chimanga chawo sichinadzuke bwino chaka chimenecho.

Lero ndine mayi wa ana, ndipo nkhani ya kumtundu sindiwauza ndisanafunse kuti anayamba kuikamba ndani, akubisa chiyani. Ndinazindikira kuti anthu amene tinkawatukwana aja ankatha kutitseka pakamwa tsiku lililonse, koma ankangokhala chete potisungira ulemu. Tinamulira Zakeyo mibadwo itatu, koma amene anamunyamula si ife.