Milamba yodulidwa zipsepse

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kukwaya. Aphunzitsi ena a ku Nathenje, amene tinkaimba nawo, anandiuza kuti anthu ofufuza za nsomba akufuna munthu wodziwa madambo a kwathu. Ine sukulu ndinali nditamaliza, ndikungotha nsapato pamsewu, choncho ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti ndikagwira chiyani.

Abwana athu, a Kamanga, ankafuna kudziwa chifukwa chimene milamba ya m'maiwe ouma msanga imaswana ikadali yaing'ono, pamene ya mumtsinje imayamba yakula. Ankati yankho lili m'chibadwa chimene nsomba imatengera kwa makolo ake, ndipo kachidutswa ka chipsepse n'kokwanira kupima chibadwacho. Ine ndinkagwira mlamba ndi nsalu yonyowa, kuuyeza pa rula, kudula kansonga ka chipsepse chakumchira ndi sizasi yotsukidwa ndi spiriti, n'kukaponya m'kabotolo. Nsombayo tinkaibweza m'madzi ili yamoyo.

Maiwe abwino ankawadziwa ndi azakhali anga a Nabanda, amene ankalera ana awo pogulitsa milamba yowamba pamsika wa Mitundu. Poyamba anakana. Ndinawanyengerera mpaka anatiperekeza, ndipo anthu a m'mudzi mwathu tinawafotokozera zonse bwinobwino. Koma mvula itagwa maiwe analumikizana ndi mtsinje, milamba yathu ija n'kukakodwa m'miono ya midzi imene sinamvepo za ife.

Tsiku lina la msika ndinapeza anthu atawazungulira azakhali. Bambo wina wa ku Malingunde anali ataponya mlamba wodulidwa chipsepse pathandala pawo.

“Mayi, tinakuonani ndi anthu a mabotolo aja. Nsombazi mwazichita chiyani? Mukufuna tidye zokhwimira?”

Ndinalowa pakati ndi nzeru zanga za kuntchito, n'kutulutsa kabotolo m'chikwama kuti aone okha kuti palibe choopsa. Ndinangoipitsa zinthu. Mayi wina anakuwa kuti, “Onani, zidutswa zake akuyenda nazo!” Amene anali atagula kale anayamba kubweza nsomba.

Azakhali sanakangane ndi munthu. Analongedza milamba yawo m'dengu, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, “Bisa zimenezo, mwana wa achimwene. Wandithandiza kokwanira.”

Kafukufuku uja anayenda bwino, ine ndinalembedwa ntchito yokhazikika. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinakwera pamsana pa azakhali, ndipo sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi. Akananditukwana, mwina mtima ukanapepukako.

Masiku ano sindiyambira kudambo. Ndimayamba kumsika, n'kudula chipsepse choyamba ogula ndi ogulitsa akuona, chifukwa ndinaphunzira kuti nsomba imakafika kutali kumene mawu athu sanafike. A Kamanga ankanena zoona kuti chipsepse chimameranso, ndinadzionera ndekha. Koma azakhali mpaka lero akugulitsa tomato, ndipo ndikapita kukawaona amandiphikira nyemba.