Mphini za amalume pamimba pa Esnati

Moni nonse.

Mng'ono wathu Esnati tachoka naye ku Thuchila m'mawa, tili kuchipatala ku Blantyre. Sikani yapeza chithupsa m'mimba, pafupi ndi apendikisi. Amubaya mankhwala mumtsempha kuti chioneke bwino, kenako adokotala, maso ali pasikani, alowetsa kapaipi n'kukoka mafinya odzaza kabotolo. Akuti chikanaphulika, bwenzi tikulira maliro.

Ndiye tamverani amalume a Namakhwa, omwe aja amamutema mphini pamimba masiku onsewa n'kumatiletsa kupita kuchipatala. Ataona kabotoloko akuti, "Mwaona? Mankhwala anga ndi amene asonkhanitsa zoipazi pamodzi. Adokotala angotolapo."

Panopa akuti Esnati akatuluka akamalizitse mphini zotsala.

Abale, muwayankha ndinu kapena ndiwayankhe ine? Chifukwa pakamwa panga lero palibe ulemu.