Fumbi la mu Kiyibodi

Kapulogalamu ka pa sikelo ya mgodi wathu ku Lalapanzi ndinalemba ndine. Kamafunsa nambala ya lole, kenako dzina la dalaivala. Mayina atayamba kusowa, ndinakayikira a Banda, kalaliki wathu. Kodi mudhara, mkulu ameneyu, akubisa ndani? Ndinakaima kumbuyo kwawo, maso ali pa zala zawo.

"Talemba wekha, mwanangu," anatero.

Ndinalemba nambala n'kudina batani la Enter. Funso la dzina linadumphidwa ine ndikuona. Kapulogalamu kangako kankatenga Enter yemweyo ngati dzina la dalaivala.

"Ndi fumbi la mu kiyibodi ili," ndinanama. Kapulogalamuko ndinakakonza mwakachetechete iwo atapita kukadya.

Mpaka lero a Banda amauzira kiyibodi asanayambe kulemba, ndipo amandithokoza.