Mapu a Chiuta Amene Sanaoneke

Kompyuta yatsopano itafika ku ofesi yathu ku Liwonde, yakale tinaikankhira pakona ngati mkazi wamkulu. Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, ngakhale ife sitinkadziwa kuti n'zomaliza.

Ntchito yathu inali kujambula mapu a madambo a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kuti a zaulimi adziwe polima mpunga. Pa makina akale mapu ankaoneka bwinobwino, chifukwa munali khadi la zithunzi ndi kapulogalamu kolankhula ndi khadilo, kamene timati dalaivala. Khadi tinalizula n'kulilowetsa m'makina atsopano, koma awa ankayendera dongosolo lina, ndipo dalaivala wakale anangoti kakasi. Anafunika kulembedwanso. Ntchitoyo anandipatsa ine, n'kundiuziratu kuti alendo otithandiza akadzabwera osaona mapu, chipinda cha kompyuta chitsekedwa. Kwa ine zimenezo zinkatanthauza kubwerera kwathu kwa Kalembo kukasaka ganyu.

Dzinja lonse ndinali pa mzere ndi mzere wa dalaivalayo, kusintha malo amene pulogalamu imagogoda pa khadi. Makina akale anali ofatsa, aliyense ankagwira chilichonse m'kati mwake. Atsopanowa anali amwano. Kuti ukhudze khadi unayenera kulowa ngati mwini wake, ndi mawu achinsinsi, ndipo mawuwo ankawadziwa abwana anga okha, bambo wa kwa Nsamala, Msilamu wokonda nthabwala. Ndikafuna kuyesa ankandiuza kuti ndiyang'ane kukhoma, iwo n'kutayipa ndi zala ziwiri. Tinafika poti mizere yobiriwira inayamba kutuluka, yokhotakhota, koma yotuluka ndithu.

Kenaka m'mawa wina inabwera galimoto ya boma, n'kuwatenga abwana anga aja. Mphekesera zinati analankhula za njala pa maliro. Pofika masana mpando wawo unali utapita ku ofesi ina, kapu yawo ya tiyi akumwera mlonda. Umu ndi mmene tinkachitira: wotengedwa satchulidwa, kwawo sikupitidwa.

Ndinalimba mtima n'kukauza mkulu wa ofesi kuti mawu aja anapita ndi mwini wake. Anandiyankha kuti:

"Mukunena ndani, achimwene? Kuno kulibe munthu wotero."

Madisiki oyambitsira makina, amene tikanaikira mawu ena atsopano, anabwerera ndi amene anadzaika makinawo, ndipo kulemba kalata yowapempha kunafuna kufotokoza chifukwa chake. Palibe anafuna kusayina. Dalaivala ndinamumaliza ndithu, ndi mkwiyo, koma ndikati ndiyese makina ankangoyankha kuti ndilibe chilolezo. Ndinayesa mayina a ana awo, a mudzi wawo, a timu imene ankachemerera. Alendo anabwera, anaona sikirini yakuda, anamwa fanta, anapita. Chipinda chinatsekedwa, makina anawafunditsa nsalu, ine ndinakagwira khasu m'minda ya eni.

Zinthu zitayamba kusintha, anthu akutuluka m'ndende, ndinawapeza abwana aja pa depoti ya Balaka. Anali ataonda mpaka kofiya kuwakulira. Titalonjerana ndinawauza kuti makina akadalipo, n'kuwafunsa ngati mawu aja akuwakumbukira. Anayendetsa zala ziwiri pa bondo, n'kusiya.

"Iyayi, mwananga. Kumene kuja ndinkadziphunzitsa kuiwala, kuti akandimenya ndisatchule wina wa inu. Mawu ajanso anapitira limodzi."

Kenaka anandipempha, mwaulemu ndithu, kuti ndiwakumbutse dzina langa.