Mapu amene anatilanda madimba

Ku Tengani kuno foni ikafa imapita kwa Augustino, mlamu wanga. Sukulu analekezera Fomu 2, koma mutu wake umagwira zinthu zamagetsi. Vuto lake sadziwa kukana: ukamupempha mpando amakupatsa ndi mkeka womwe.

Madzi atasefukira mu 2015 kunabwera Maclean, mnzake wa ku pulayimale, atavala malaya a bungwe lina. Anamupatsa laputopu n'kunena kuti, "Shamwali, ikamo QGIS, pulogalamu yojambulira mapu. Ndi yaulere. Tikaonetsa pamene madzi amafika, a bungwe atimangira khoma kumtsinje, madimba athu apulumuke."

Yaulere inde, koma inamutulutsa thukuta. Netiweki inkagwira pachulu cha kuseri kwa msika basi, ndipo ankakhala pamenepo dzuwa likumuphika, fayilo n'kudukira panjira, iye n'kuyambiranso. Atamaliza kuiika, mudzi wathu unkaoneka uli pakati pa nyanja yamchere, mpaka anatulukira posinthira manambala a malo. Tsiku limene Shire anabwerera m'malo mwake pamapupo, bambo wamkuluyu anavina yekha pakhonde.

Kenako anazungulira m'madimba ndi foni, eni ake akumulozera. Khomalo aliyense ankalifuna, choncho pamene madzi anafika m'mawondo ankati m'chiuno. "Lembani kuti m'khosi, mwanathu," anatero mayi Esinala, amene dimba lawo silinanyowe n'komwe. Augustino anaseka n'kulemba.

Maclean anapita nawo mapuwo, khoma osabwera. Kunabwera mathirakitala a kampani ina ya nzimbe, ndi bwana wake atanyamula mapu omwe aja, osindikizidwa bwino. Madimba onse anali opakidwa buluu, kusonyeza malo osefukira madzi. Bwanayo anati malo otere anthu wamba sangalimepo, wololedwa ndi wokhala ndi makina opopera madzi. Maclean anali m'galimoto, ndipo sanatsitse ngakhale galasi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti amene amatukwanidwa pamsika ndi mlamu wanga, pamene Maclean akungonenepa kutauni.

Augustino sanakhale chete tsiku la mathirakitala lija. Anaima kutsogolo kwa thirakitala. "Bwana, mapuwa ndi abodza. Kumtunda kuno madzi safika."

Bwanayo anatambasula pepala lija n'kuika chala pakona yam'munsi, pamene panalembedwa dzina la wojambula ndi zilembo zikuluzikulu.

"Ndiye tikafunse mwini wake," anatero. "Augustino ameneyu mukumudziwa?"